Galimoto Imodzi, Ntchito Zambiri

Lero tikambirana za bizinesi yobwereketsa magalimoto, ija tonse timangoti hayala, ndipo tiyambira pa Njewa, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pamsewu wopita ku Mchinji.

Amene munadutsapo pamenepa Loweruka m'mawa nyengo ya chilimwe mukudziwa zimene zimaoneka. Magalimoto otsukidwa mpaka kunyezimira, ena atavekedwa maliboni, amatuluka m'misewu yafumbi ya ku Chinsapo ndi madera oyandikana nawo n'kulowa mumsewu waphula, ena kulunjika kutchalitchi mumzinda, ena ku Mpingu, ku Msundwe kapena ku Namitete kukatenga achibale a akwati. Ochuluka mwa magalimoto amenewa si a eni ukwati ayi, ndi ahayala. Ndipo eni ake si makampani otchuka, koma anthu onga inu ndi ine: mphunzitsi wopuma pantchito amene anagula Sienta ndi ndalama za penshoni, mayi wagolosale amene ali ndi ma Probox awiri, mnyamata amene anabwera ndi galimoto pochokera ku Joni.

Tsono chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Mukadzabweranso patapita zaka zitatu kapena zinayi, mudzapeza ena mwa magalimoto aja atakhazikidwa panjerwa kuseri kwa nyumba, matayala kulibe, nkhuku zikuikiramo mazira. Mukamfunsa mwini wake, sadzakuuzani kuti obwereka anasowa. Obwereka analipo, ndalama zinkalowa, foni inkalira usiku ndi usana. Nanga chinalakwika n'chiyani? Kuona kwanga, mwiniyo ankayesa kuti bizinesi yake ndi galimotoyo, pamene galimoto ndi chida chabe, monga liliri khasu kwa mlimi. Bizinesi yeniyeni ndi ntchito zingapo zosiyana zimene zimazungulira chidacho, ndipo iliyonse ili ndi funso lake, buku lake, ndiponso munthu woyenera kuyankhapo zinthu zikavuta. Munthu wosatha kuzilekanitsa m'mutu mwake amagwira ziwiri zimene zimamukomera, zotsalazo n'kumaola mwakachetechete.

Ntchito imeneyi si yachilendo padziko lapansi. M'chaka cha 1916 munthu wina dzina lake Joe Saunders, wa mumzinda wa Omaha ku America, anayamba kubwereketsa galimoto yake imodzi ya mtundu wa Ford Model T. Chanzeru chimene anachita ndicho kuikapo kachipangizo kowerenga mtunda, kuti wobwereka azilipira molingana ndi mamailosi amene wayenda. Patapita zaka ziwiri, Walter Jacobs wa ku Chicago anayamba ndi magalimoto 12, amene ankawakonza yekha akaonongeka, ndipo mu 1923 anagulitsa bizinesiyo kwa John Hertz, amene dzina lake likadali pamakomo a maofesi ahayala m'maiko ambiri. Mu 1946 Warren Avis anazindikira kuti munthu wotsika m'ndege amafika wopanda choyendera, kotero anakaika magalimoto ake pabwalo la ndege pafupi ndi Detroit. Taonani kuti atatuwa anayang'ana mbali zosiyana za ntchito imodzi yomweyo: wina kawerengedwe ka mtengo, wina kasamalidwe ka galimoto, wina malo okumanirana ndi wobwereka. Kwathu kuno achikulire akukumbukira bungwe la PVHO, limene linkasunga magalimoto ndi makina a boma n'kumabwereketsa ku maunduna, ndipo linali ndi magalaja ake ndi alembi ake, aliyense pantchito yake.

Mwina wina kunyumbako akuti, "Iwo aja ndi akuluakulu. Ine galimoto yanga ndi imodzi, wantchito ndine ndemwe. Ndigawa chiyani?" Bambo kapena mayi, kugawa ntchito si kulemba antchito ambiri. Mlimi wa munda umodzi amadziwa kuti kulima, kupalira, kukolola ndi kusunga m'nkhokwe ndi ntchito zosiyana ngakhale manja ali omwewo, ndipo amadziwanso kuti wokolola bwino n'kukathira chimanga m'nkhokwe yodontha wangovutikira anankafumbwe ndi makoswe. Njira yapafupi yopezera magawo a bizinesi yanu ndiyo kutsatira ulendo umodzi wa galimoto, kuyambira pamene foni yalira mpaka pamene kiyi wabwerera m'manja mwanu, ndi kumadzifunsa pa sitepe iliyonse kuti, kodi pamenepa funso ndi lotani?

Foni ikalira, funso ndi lakuti galimoto ilipo pa tsiku lakutilakuti kapena ayi. Imeneyi ndi ntchito ya kalembera wa masiku, ndipo sifuna zambiri: kope limodzi, tsamba lililonse la sabata yake, galimoto iliyonse ndi mzere wake. Ambiri amadalira mutu, ndipo mutu umalonjeza galimoto imodzi kwa maukwati awiri Loweruka limodzi. Pa Njewa kapena ku Kawale, kumene aliyense amadziwa mnzake, mkwatibwi mmodzi wosiyidwa pakhonde atavala kale velo amakuthamangitsirani obwereka ochuluka kuposa amene chikwangwani chilichonse chingakuitanireni. Kalembera wabwino amasiyanso mpata pakati pa ulendo ndi ulendo. Galimoto yobwera kuchokera ku Mangochi Lachisanu usiku sailonjeza kwa wina Loweruka mbandakucha, pakuti iyenera kutsukidwa ndi kuonedwa, ndiponso wobwereka akhoza kuchedwa panjira.

Za kutsatsa malonda sinditayapo nthawi. Eni magalimoto ambiri amazidziwa kale kuposa ine, ndipo Facebook ndi WhatsApp zawachepetsera ntchito.

Funso lotsatira ndi lolemera: kodi wobwerekayu ndani? Pano simukugulitsa tomato, amene akapita wapita ndipo mtengo wake mwalandira. Mukupereka chuma cha mamiliyoni kwa munthu amene wakupatsani kagawo kakang'ono kwambiri ka mtengo wake. Chiyambire kalembera wa mzika wa 2017, Amalawi akuluakulu ali ndi chiphaso cha unzika, kotero palibe chifukwa chobwereketsera munthu wodziwika ndi dzina la pafoni lokha. Onani chiphasocho, onani laisensi ngati ili yamoyo ndiponso ngati ikulola mtundu wa galimotoyo, lembani kumene amakhala ndi kumene akupita, ndipo landirani chikole. Apolisi agwirapo anthu amene anabwereka galimoto n'kukaipinyolitsa kwa akatapila kapena kuigulitsa ngati yawo. Kuchokera pa Njewa kukafika kumalire a Mchinji ndi makilomita oposa 100 pang'ono chabe, msewu wake waphula. Munthu wonyamuka m'mawa akhoza kukadyera nkhomaliro ku Chipata inu mukuyesa kuti ali ku Likuni.

Chovuta chenicheni cha gawo limeneli si mbala ayi, koma achibale. Amalume akafuna galimoto yopitira kumaliro kumudzi, muwafunsa chiphaso ndi chikole? Ambirife sitingathe, ndipo sindikunena kuti tiyenera kutero. Chimene ndikunena n'chakuti ulendo wa amalume ulembedwe m'buku monga ulendo wina uliwonse, ndi makilomita ake, ndipo pamalo a mtengo palembedwe kuti mphatso. Pakutha pa chaka mudzadziwa kukula kwa mphatso zanu, ndipo mudzasankha nokha, maso ali poyera, ngati bizinesi ingathe kuzisenza.

Tsopano tafika pa mphindi imene ine ndimaiyesa mtima wa ntchito yonseyi, ndiyo yopereka kiyi ndi yolandira kiyi. Milandu yambiri ya hayala imabadwira pamenepa, ndipo imabadwa chifukwa cha manyazi. Wobwereka wafika mofulumira, ndi munthu wolemekezeka, mwapatsana moni wa manja awiri. Kuyamba kuzungulira naye galimoto ndi pepala m'manja kukuoneka ngati kumukayikira. Komatu mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pakapita masiku atatu galimoto ibwera ndi chipsera pachitseko, iye adzati chinalipo kale, inu mudzati chinalibe, ndipo palibe mboni. Pepala limodzi losainidwa ndi onse awiri limateteza ubale wanu kuposa mmene manyazi akanautetezera. Papepalapo palembedwe nambala ya makilomita imene ikuoneka pa geji, mlingo wa mafuta m'thanki, zipsera zonse zimene zilipo kale, ndiponso katundu wa m'buti: tayala la sipeya, jeke, sipanala ya mawilo ndi zikwangwani zofiira zoika pamsewu galimoto ikafa. Masiku ano mafoni ambiri amajambula. Jambulani mbali zonse zinayi wobwereka ali pomwepo. Eni magalimoto ena amalembanso mtundu wa matayala ndi wa batire, pakuti zachitikapo kuti galimoto inapita ndi matayala atsopano n'kubwera ndi osalala ngati mutu wadazi.

Pangano lomwelo linene poyera zinthu zimene anthu amakonda kuzisiya m'malere. Tsiku limatha nthawi yanji? Makilomita angati pa tsiku amene ali m'kati mwa mtengo? Ndani alipira pa zipata za pamsewu wa M1, cha pa Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza chimene chinatsatira mu 2022? Chindapusa cha apolisi apamsewu n'cha yani? Apa yankho lachilungamo limatsata magawo omwe tikukambawa: chindapusa cha liwiro n'cha woyendetsa, koma cha nyali yakufa kapena chiphaso chotha n'cha mwini galimoto, chifukwa imeneyo inali ntchito yake asanapereke kiyi. Ndipo galimoto ikabwera, ionedwe nthawi yomweyo, kukali kowala, chikole chisanabwezedwe. Chopezeka mawa lake n'chanu.

Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Galimoto ya hayala imayendetsedwa ndi mapazi ambiri, ndipo phazi lililonse limaponda buleki ndi kilatchi mwa njira yake. Palibe wobwereka amene amazemba maenje mwachifundo monga amachitira mwini wake. Choncho gawo losamalira galimoto liyenera kukhala ndi buku lakelake, losiyana ndi la masiku, ndipo buku limeneli siliwerenga masiku koma makilomita. Amakaniko ambiri amalangiza kusintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse. Ulendo wa ku Blantyre kupita ndi kubwera umadya makilomita oposa 600. Ndiye kuti maulendo asanu ndi atatu okha afika kale pafupi ndi nambala ija, mwina mwezi usanathe, pamene mwini wake akukumbukira kuti anasintha oyilo "posachedwapa". Onjezani fumbi la m'misewu ya m'makomboni m'chilimwe, limene limatseka sefa ya mpweya, ndi matope a dzinja, amene amadya mabuleki ndi ziwalo za pansi.

Mapepala nawo ali m'gawo lomweli, pakuti galimoto yopanda mapepala ili ngati yopanda wilo. Pali chiphaso chija timati COF, chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene chili m'manja mwa a Road Traffic. Pali inshuwalansi, imene lamulo limafuna pa galimoto iliyonse, ngakhale yongoteteza anthu ena amene mungawapweteke. Apa ndipemphe kuti mutchere khutu. Inshuwalansi ya galimoto yoyendera banja si yofanana ndi ya galimoto yobwereketsa. Mukauza kampani kuti galimoto ndi yopitira kutchalitchi ndi kuntchito, n'cholinga choti mulipire zochepa, kenaka ichite ngozi pa Nathenje ili pa hayala, kampaniyo ili ndi chifukwa chokanira kulipira, ndipo zimene munapulumutsa zija zidzakhala ngati dontho poyerekeza ndi zimene mwataya. Galimoto yololedwa kuwoloka kupita ku Zambia imafunanso kalata ya mwini wake yololeza, chikalata cha apolisi, ndi inshuwalansi yogwira ntchito kutsidyako, monga khadi lachikasu la COMESA. Masiku amene mapepala onsewa akuthera alembedwe pachikuto cha buku, pamalo oonekera.

Ndalama. Apa m'pamene mphunzitsi wathu wopuma uja amagwera, ngakhale masamu amawadziwa. Wobwereka akalipira, ndalama yonse imaoneka ngati phindu, chifukwa palibe katundu amene wachoka pashelufu. Koma katundu wachoka ndithu: kagawo ka moyo wa galimoto kapita ndipo sikadzabwera. Joe Saunders uja anazindikira zimenezi pamene anaika kachipangizo kowerenga mtunda. Pa kwacha iliyonse yolowa, mbali ina ndi ya oyilo, matayala ndi makaniko. Mbali ina ndi ya inshuwalansi, ziphaso ndi msonkho wa ku MRA. Mbali ina ndi yogulira galimoto imene idzalowe m'malo mwa iyi ikadzatopa. Yotsalayo ndiyo yanu. Amene amadya mbali yachitatuyi sakudya phindu, akudya galimoto yake pang'onopang'ono, kuyambira kubampala.

Ndipo mbali imeneyi siikhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Magalimoto athu ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, olowera padoko la Dar es Salaam n'kudzera pa Songwe, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, monganso masipeyala ake. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi magawo 44. Munthu amene ankasunga poyang'ana mtengo umene anagulira galimoto yake anadzuka m'mawa n'kupeza kuti zimene wasunga sizigulanso galimoto yonga yomweyo. Wosunga chuma wanzeru amafunsa mtengo wa galimoto lero, osati wa chaka chimene anagula, ndipo amauza wa kalembera kuti mtengo wa hayala usinthe. Amayang'ananso masiku amene galimoto inagona pabwalo. Tiyerekeze kuti pa masiku 30 a mwezi yatuluka masiku 12 okha: inshuwalansi ndi malipiro a mlonda siziwerenga kuti yatuluka kapena ayi, choncho masiku 12 amenewo ayenera kusenza katundu wa masiku onse 30.

Pali lamulo limodzi lakale la m'maofesi limene limagwira ntchito ngakhale m'banja: wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba m'buku la maulendo, ndipo wogula masipeyala asakhale yekha wotsimikiza kuti aikidwadi. Kumeneku si kuyesa mnzako mbala. N'chifukwa chakuti mabuku awiri olembedwa ndi manja awiri amatha kufunsana. Ngati buku la galimoto likuti yayenda makilomita 900 sabata ino, pamene buku la maulendo likusonyeza 500 okha, makilomita 400 enawo anapita kuti, ndipo ndalama yake ili m'thumba la yani? Bambo akhoza kusunga buku lina, mayi lina, mwana wa sekondale n'kumaziyerekeza Lamlungu madzulo. Nambala ya Mpamba kapena ya Airtel Money yolandirira hayala ikhale yosiyana ndi yogulira ndiwo ndi mayunitsi a magetsi. Ndipo obwereka ochokera m'mabungwe, amene amatenga galimoto sabata zingapo kupita kumidzi koma n'kulipira patapita miyezi, akhale ndi tsamba lawo la ngongole, pakuti hayala yosalipidwa sigula tayala.

Mukagawa chotere mudzaona chinthu chimene poyamba chinali chobisika: magawo amenewa amakangana, ndipo n'koyenera kuti azikangana. Wa kalembera amafuna galimoto ituluke tsiku lililonse. Wosamalira galimoto amafuna ilowe m'galaja Lachinayi. Wosunga chuma safuna kumva za matayala anayi atsopano mwezi wa sukulu fizi. Mwa munthu mmodzi mkangano umenewu umachitika m'mutu, mwachinsinsi, ndipo wopambana nthawi zonse ndi amene wagwira ndalama m'manja panthawiyo. N'chifukwa chake muyenera kugamula kukadali bata kuti mawu omaliza ndi a yani. Ine ndinganene kuti pa nkhani ya mabuleki, matayala ndi chiwongolero, mawu omaliza akhale a makaniko, ngakhale wobwereka ataima pakhomo ndi ndalama zowirikiza kawiri, chifukwa m'galimotomo mukwera ana a anthu. Pa nkhani ya kubwereketsa pangongole, mawu omaliza akhale a wosunga chuma. Wa kalembera alamulire masiku basi.

Ndasiyira dala dalaivala kumapeto, chifukwa iye sakwana m'gawo limodzi. Galimoto ikangodutsa pa Chitedze, iye ndiye kalembera, makaniko, wolandira alendo ndi msungichuma nthawi imodzi, ndipo mwini wake ali kutali. Eni magalimoto ambiri amakonda kubwereketsa pamodzi ndi dalaivala wawo, makamaka kwa alendo otsikira pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, amene sadziwa misewu yathu, ndipo n'zoona kuti galimoto imakhalitsa ikamayendetsedwa ndi phazi limodzi. Koma dalaivala wotumizidwa ku Karonga masiku asanu popanda ndalama ya chakudya ndi malo ogona adzaipeza ndalamayo mwa njira yake: adzanyamula matola pobwerera, kapena adzapopa mafuta m'thanki. Choncho zimene ayenera kulandira paulendo zilembedwe m'pangano, ndipo zidziwike ngati akulipira ndi wobwereka kapena mwini galimoto. Apatsidwe kope laling'ono lokhala m'galimoto momwemo, lolembamo makilomita ponyamuka ndi pofika, malita amene wathira ndi malisiti ake, ndiponso phokoso lililonse lachilendo limene wamva panjira. Pobwera apereke kopelo kwa wosunga buku la galimoto asanapite kukagona, ndipo tsamba la malisiti lipite kwa wosunga chuma m'mawa mwake.